Kabatani Kobiriwira

Lachitatu usiku magetsi anazima ku Mchini,
ndinatsala ndi kuwala kwa foni pachikhatho,
zala zikununkhabe girizi ndi guluu womatira machubu.
Patebulo la poka tinalipo asanu ndi mmodzi,
palibe amene ndinamuonapo nkhope.

Malamulo ndinalemba kale
kuseri kwa katoni ya masipoko:
mpamba ndi makwacha mazana asanu, sudyedwa.
Pakhalidwe limodzi usapose makumi awiri ndi asanu.
Zikakwana zikwi ziwiri, chotsa.
Mawu omalizawo ndinawadula mzere kawiri kunsi
poti ndimamudziwa bwino amene ndinkamulembera.

Miyezi inayi ndakhala ndikutaya makhadi
ngati mayi wosankha nshawa pa Kapata:
iyi yowola, iyi yofumbwa, iyi tiyeni tione.
Asakunamizeni, masewerawa ndi otopetsa.
Ambiri mwa iwo ndi kukhala chete.

Ndiye usikuwo anandifikira mafumukazi awiri,
wachitatu n'kutulukira pakhadi lomaliza.
Wina wodzitcha Kambwiri anakankha zake zonse.
Ndinavomera, pakhosi pali gwa.
Nambala inadumpha, n'kudutsa mzere wa pakatoni uja.

Ndinadina pochotsera. Chikwi ndi mazana asanu ndi atatu.
Foni inati dikirani tsiku lathunthu,
ndipo kunsi kwake anaikako kabatani kobiriwira:
bwezerani patebulo.

Amene anaika kabatani kameneko
amamudziwa munthu.

Mtima unayamba milandu yake.
Dzanja latentha lero, iwe.
Kambwiri akadali pompo, wapsa mtima,
ndipo wopsa mtima amamwaza ngati mapira.
Zikwi ziwiri ndi chiyani? Njinga yamoto imayamba ndi mawilo.

Koma Juni watha ndinali pafupi chonchi,
zana limodzi lokha kupelewera,
ndinati ndikwanitse kaye nambala ikhale yokongola.
Kunacha ndili ndi makwacha khumi ndi atatu.
Tsiku lonselo ndinapopa matayala a anthu
osayang'ana aliyense m'maso.

Ku Mtenguleni mlongo wanga Tiwonenji wamaliza kugalauza.
Mitambo yayamba kukumana pamwamba pa Kanjala,
feteleza alibe.
Za poka sadziwa. Ndikamutumizira kanthu
amangoti njinga za m'tauni zimafa pafupipafupi.

Ndinavala patapata, ulendo kuchigayo
kwa a Yotamu, alonda osaseka aja.
Sungireniko foniyi mpaka Lachisanu.
Ndikabwera kudzaipempha, mundithamangitse.

Ndinabweradi.
Tambala woyamba asanalire ndinali pageti
ndi bodza lokonza bwino la maliro a ku Chadiza.
Anandiunika tochi m'maso nthawi yaitali,
n'kunena kuti akufa adikira, kagoneni.

Lachinayi ndinawongola marimu anayi.
Dzanja limapita lokha m'thumba lopanda kanthu.

Lachisanu, pakanyumba ka Dailesi,
fuloti inamuchepera, anakabwereka kwa mnzake wa kutsidya kwa msewu.
Anawerenga akunyambita chala, n'kudulapo yochotsera.
Ndalama ya pagalasi ilibe fungo.
Iyi inkanunkha thukuta, kapenta, sopo wa munthu wina.
Inali yochepa kuposa mmene inkaonekera usiku uja,
koma inalemera m'sokosi.

Thumba limodzi la feteleza, kapaketi ka mbewu,
ndi tchenji cholipirira kanta ya ku Katete.
Basi. Zonse zinathera pamenepo.
Kondakitala analemba dzina la Tiwonenji ndi makala, molakwitsa.

Mpamba ulipo, ndi makumi anayi pamwamba.
Sindikuuzani kuti ndasiya, ndinganame.
Usiku uno ndataya makhadi kakhumi ndi kamodzi,
mvula yoyamba ikugogoda malata mwamanyazi.

Mpando wa Kambwiri wakhalapo wina.
Ndimangouyang'ana.
Kaya naye anali ndi katoni yake,
kaya munda wa ndani
ukudikira lero.